Chisankho cha khonsolo ya Croydon cha 2022: mafunso ndi mayankho

Lachinayi pa 5 Meyi 2022 anthu a m'makhonsolo onse 32 a mzinda wa London adaponya voti kusankha makhansala awo. Ku Croydon, kum'mwera kwa mzindawu, adasankhanso meya kwa nthawi yoyamba, ndipo wopambana adaposa mnzake ndi mavoti 589 okha, m'dera lokhala anthu oposa 390,000. Ambiri a ife ochokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe dzina la Croydon tidalidziwira ku Lunar House, ku maofesi a Home Office oona za mapepala a anthu obwera. Koma alipo ambiri amene akukhala komweko, ku Thornton Heath, Norbury, Selhurst ndi madera ena, akulipira msonkho wa khonsolo mwezi ndi mwezi, osadziwa kuti malamulo a dzikolo amawalola kusankha nawo anthu ogwiritsa ntchito ndalamazo. Mayankho ali m'munsimu alembedwera iwowa, komanso aliyense wofuna kumvetsa momwe makhonsolo a ku England amayendera.

Kodi zotsatira zake zidali zotani?

Croydon ili ndi mipando 70 ya makhansala m'mawodi 28. Chipani cha Labour chidapeza mipando 34, Conservative 33, Green iwiri, ndipo Liberal Democrats udali umodzi. Kuti chipani chikhale ndi mphamvu pachokha chimafunika mipando 36, choncho palibe chomwe chidafikapo. Pa chisankho cha 2018 Labour idali ndi 41 pomwe Conservative idali ndi 29, kutanthauza kuti Labour idataya mipando 7.

Pa mpando wa meya, a Jason Perry a Conservative adapeza mavoti 38,612 ndipo mayi Val Shawcross a Labour adapeza 38,023.

Ngati Labour idapeza makhansala ambiri, bwanji ulamuliro udapita kwa Conservative?

Chifukwa kuyambira 2022 mphamvu zoyendetsera khonsolo ya Croydon zili m'manja mwa meya wosankhidwa ndi anthu, osati mwa chipani chokhala ndi makhansala ochuluka. Meyayo ndiye amasankha makhansala ochepa oti akhale nduna zake, ndiye amakonza bajeti, ndiye amapereka chitsogozo pa nyumba, misewu ndi chisamaliro cha okalamba. Makhansala enawo ntchito yawo ndi kufunsa, kuunika, kukhala m'makomiti monga yovomereza zomangamanga ndi yopereka ziphaso za malo omwera mowa, komanso kuvomereza bajeti.

Pa bajetipo ndi pamene pali mfundo yofunika kuidziwa. Makhansala akhoza kuikana koyamba ndi kuibweza kwa meya, koma kuti aisinthe meya asakufuna pamafunika magawo awiri mwa atatu a makhansala ovota, omwe ku Croydon ndi makhansala 47 ngati onse avota. Mu 2022 Labour, Green ndi Liberal Democrats ataphatikizana ankangokwana 37. Akadatha kuchedwetsa, akadatha kuchititsa manyazi, koma sakadatha kulemba bajeti yawoyawo.

Musasokoneze meya ameneyu ndi wina uja wovala unyolo wagolide pakhosi, wotsegulira zochitika ndi kutsogolera misonkhano ya makhansala. Ameneyo ndi khansala wosankhidwa ndi anzake kwa chaka chimodzi, ndipo udindo wake ndi waulemu chabe. Musamusokonezenso ndi meya wa London yense, amene ali ndi chisankho chake chapadera.

Mavoti 589 aja adapezeka bwanji? Ena akuti kudawerengedwa kawiri.

Kudawerengedwadi magawo awiri, koma osati chifukwa cha vuto. Nthawi imeneyo pepala lovotera meya linkakhala ndi mizere iwiri: wovota ankachonga munthu amene akumufuna poyamba, kenako wachiwiri ngati woyambayo atalephera. Popeza palibe adapitirira theka pa kuwerenga koyamba, onse adachotsedwa kupatula awiri apamwamba, ndipo mapepala a ogonjawo adaunikidwanso kuona amene adaika a Perry kapena mayi Shawcross pa mzere wachiwiri. Poyamba a Perry ankatsogola ndi mavoti pafupifupi 2,000. Mayi Shawcross adatola ochuluka a mzere wachiwiri, mpata nkuchepa, koma sadathe kuutseka.

Opikisana adalipo 8. Mwa iwo mudali a Richard Howard a Liberal Democrats, a Peter Underwood a Green, ndi a Andrew Pelling oima paokha, amene kale adakhalapo phungu wa Conservative ku Croydon Central kenako khansala wa Labour. Anthu zikwizikwi amene adavotera ogonjawa sadaike mmodzi mwa awiri apamwambawo pa mzere wachiwiri, ndipo mapepala awo sadathandize mbali iliyonse. Pa mpikisano wothina chonchi, chiwerengero chawo chidaposa kutalitali mpata wa 589.

Njira imeneyi idachotsedwa ndi lamulo la Elections Act 2022, ndipo kuyambira 2023 mameya a ku England adayamba kusankhidwa ndi kuchonga kumodzi, wochulukitsa mavoti nkutenga mpando.

A Perry adaimanso ngati khansala?

Inde, ndipo adapambana mu wodi ya South Croydon. Munthu sangakhale meya ndi khansala nthawi imodzi, choncho mpandowo udakhala wopanda munthu mpaka chisankho chapadera cha pa 30 Juni 2022, chomwe Conservative idapambananso. Chiwerengero cha 33 chidakhala chomwecho.

Kwina konse Labour inkapambana. Chidavuta nchiyani ku Croydon?

Apa mpofunika kufatsa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Mwezi wa Meyi 2022 udali woipa kwa Conservative. A Boris Johnson, nduna yaikulu ya nthawiyo, adali atangolipitsidwa chindapusa ndi apolisi chifukwa cha zisangalalo za ku Downing Street pomwe anthu ena onse adatsekeredwa m'nyumba ndi malamulo a Covid-19. Mitengo ya magetsi, gasi ndi zakudya inkakwera. M'madera ambiri a London anthu adapita kukavota ali ndi mkwiyo pa boma. Koma anthu a ku Croydon adali ndi mkwiyo wina wapafupi.

Labour idayamba kulamula khonsoloyi mu 2014, motsogozedwa ndi a Tony Newman. Pofuna kupeza ndalama zina pomwe thandizo lochokera ku boma linkachepa chaka ndi chaka, khonsolo idalowa m'malonda ndi ndalama zobwereka. Idakhazikitsa kampani yakeyake yomanga nyumba yotchedwa Brick by Brick nkuikongoza ndalama pafupifupi mapaundi 200 miliyoni, koma phindu lomwe ankayembekezera silidabwere. Idagula hotela ya Croydon Park ndi mapaundi pafupifupi 30 miliyoni mu 2018, ndipo pasadathe zaka ziwiri kampani yoyendetsa hotelayo idagwa. Idagulanso malo a masitolo a Colonnades. Ntchito yokonzanso holo ya zisudzo ndi nyimbo ya Fairfield Halls, yomwe idayikidwa pa mapaundi 30 miliyoni, idadya kuposa kawiri ndalama imeneyo. Nthawi yomweyo ndalama zosamalira ana ndi akuluakulu osowa thandizo zinkapitirira bajeti chaka chilichonse, ndipo nkhokwe ya ndalama zapadera idali itatsala pang'ono kuuma.

Mu Okutobala 2020 akatswiri ounika mabuku a chuma a kampani ya Grant Thornton adatulutsa lipoti lodzudzula utsogoleri wa khonsolo kuti unkanyalanyaza machenjezo kwa zaka. A Newman adatula pansi udindo mwezi womwewo, mayi Hamida Ali nkulowa m'malo mwawo. Mu Novembala khonsolo idalengeza kuti siingathe kukwanitsa bajeti yake. Ngongole idali itafika cha m'ma mapaundi 1.5 biliyoni.

Kenako, mu Malichi 2021, wailesi ya kanema ya ITV idaonetsa nyumba za khonsolo za pa Regina Road ku South Norwood. Dziko lonse lidaona madzi akudontha kuchokera kudenga, makoma akuda bii ndi nkhungu, makapeti onyowa, ana aang'ono akugona momwemo. Anthu okhalamo adali atadandaula kwa nthawi yaitali osamveka. Kwa ine, zithunzi zimenezo zidalemera kuposa malipoti onse a chuma, chifukwa munthu wamba sangaone biliyoni ndi maso, koma khoma lonyowa la chipinda cha mwana amaliona. Ndipo South Norwood ndi dera la anthu amene akhala akuvotera Labour mokhulupirika.

Labour idayesa kudzipatula ku mbiri imeneyi poimika mayi Shawcross, amene sadali m'gulu lolamula panthawi ya mavutowo. Iwo adatsogolerapo khonsolo ya Croydon kuyambira 1997 mpaka 2000, adakhala zaka 16 mu London Assembly, bungwe lounika ntchito za meya wa London, ndipo adakhalapo wachiwiri kwa meya wa London, a Sadiq Khan, pa za mtengatenga. Kuti mpikisano udathina chonchi ndi umboni wakuti anthu ankawalemekeza. Koma dzina la chipani pa pepala lidali lomwe lija.

Tikumva kuti khonsolo "idagwa". Khonsolo ingagwe bwanji?

Khonsolo ya ku England siitsekedwa ngati sitolo. Lamulo limaikakamiza kukhala ndi bajeti yomwe zolowa ndi zotuluka zikufanana. Mkulu woona zachuma akaona kuti zimenezi sizitheka, amakakamizidwa kutulutsa chidziwitso pansi pa gawo 114 la lamulo la Local Government Finance Act 1988. Chikatuluka, kugwiritsa ntchito ndalama pa china chilichonse chatsopano kumaima, kupatula ntchito zomwe lamulo limalamula, monga kuteteza ana ndi kusamalira okalamba. Zinyalala zimatoledwabe, malipiro amaperekedwabe, koma zina zonse zimayamba kudulidwa.

Croydon idatulutsa chidziwitso chotere mu Novembala 2020, chinanso mu Disembala chaka chomwecho, ndi chachitatu mu Novembala 2022, a Perry ali kale pa mpando. Siili yokha. Northamptonshire idatsogola mu 2018, Slough mu 2021, Thurrock mu 2022, ndipo mu 2023 zidagwera Woking, Birmingham ndi Nottingham. M'ndandanda umenewu muli makhonsolo omwe ankalamulidwa ndi Labour ndi ena a Conservative, choncho wonena kuti vutoli ndi la chipani chimodzi sakunena zoona zonse.

Udindo wa meya wosankhidwa ndi anthu udachokera kuti?

Udachokera kwa anthu eni ake. Magulu a eni nyumba, makamaka a kum'mwera kwa Croydon, adatopa ndi momwe khonsolo inkavomerezera kugumula nyumba za mabanja nkumangapo nyumba zosanjikizana. Adasonkhanitsa masaini zikwizikwi kupempha riferendamu, ndipo idachitika pa 7 Okutobala 2021. Pafupifupi anthu 80 mwa 100 alionse ovota adafuna meya. Koma ovotawo adali pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu olembetsa. Kachigawo kakang'ono ka anthu kadasintha kayendetsedwe ka dera lonse, ndipo kadachita zimenezo movomerezeka, chifukwa enawo adakhala kunyumba.

Mu London makhonsolo asanu okha ndiwo ali ndi meya wotere: Croydon, Hackney, Lewisham, Newham ndi Tower Hamlets. Enawo amatsogozedwa ndi mtsogoleri wosankhidwa ndi makhansala anzake.

Ndi madera ati adavotera chipani chiti?

Croydon ndi yogawikana pakati kuyambira kale. Kumpoto, ku Thornton Heath, Norbury, Selhurst, Broad Green ndi South Norwood, nyumba ndi zothithikana, ochita lendi ndi ambiri, ndipo kumakhala anthu ochuluka ochokera ku Africa, ku Caribbean ndi ku Asia. Kumeneko ndi kwa Labour. Kum'mwera, ku Purley, Coulsdon, Sanderstead, Kenley ndi Selsdon, kuli nyumba zikuluzikulu zokhala ndi mabwalo, ndipo ndi kwa Conservative. Chisankho chimagamulidwa ndi mawodi ochepa apakati.

Mu 2022 Conservative idalanda mipando ku New Addington, dera la nyumba zambiri za khonsolo kumapeto kwa njanji ya tramu, komanso ku Waddon. Green idatenga mipando iwiri ku Fairfield, pakati pa tauni, pomwe Liberal Democrats idalowa ku Crystal Palace and Upper Norwood.

Pa chisankho cha makhansala, mavoti ochuluka a kum'mwera amathera m'mawodi awo omwewo. Pa chisankho cha meya voti iliyonse ya dera lonse imalowa m'thumba limodzi, ndipo mbali yomwe anthu ake atuluka mwaunyinji ndiyo imapindula. Mwa olembetsa onse a ku Croydon, amene adavota adangopitirira pang'ono munthu mmodzi mwa atatu, ndipo kawirikawiri kum'mwera kumatuluka anthu ambiri kuposa kumpoto. Madera amene ife timakhala ambiri ndi omwe amavota pang'ono. Zimenezi zimandipweteka, chifukwa ndi madera omwewo amene amadalira kwambiri ntchito za khonsolo.

Nanga London yense zidatha bwanji?

Labour idapambana makhonsolo 21, Conservative asanu, Liberal Democrats atatu, chipani cha Aspire imodzi, ndipo ku Croydon ndi ku Havering kudalibe chipani chokhala ndi mipando yoposa theka. Nkhani yaikulu idali ya Westminster, yomwe idali m'manja mwa Conservative chiikhazikitsireni mu 1964, ndi Wandsworth, yomwe adailamula kuyambira 1978. Zonse ziwiri zidapita kwa Labour, pamodzi ndi Barnet. Conservative idalanda Harrow. Ku Lewisham ndi ku Barking and Dagenham Labour idatenga mipando yonse. Ku Tower Hamlets a Lutfur Rahman adabwereranso pa umeya, ndipo chipani chawo cha Aspire chidapeza mipando 24 mwa 45.

Bwanji zotsatira za ku Croydon zidachedwa chonchi? Kodi sikudali kubera?

Zidachedwadi. Makhonsolo ambiri adalengeza Lachisanu, koma meya wa Croydon adadziwika m'bandakucha wa Loweruka, ndipo zotsatira za makhansala zidatha kutuluka Lamlungu. Anthu a zipani zonse adadandaula za kayendetsedwe ka ntchito yowerenga. Kuchedwa ndi kubera ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo palibe khothi lomwe lidathetsa zotsatira za ku Croydon.

Ndikumvetsa chifukwa chake funsoli limabwera msanga kwa Mmalawi amene akukumbukira 2019 ndi chigamulo cha khothi cha pa 3 Febuluwale 2020. Ku England mavoti sawerengedwa pa malo ovotera. Mabokosi amamatidwa 10 koloko usiku nkutengedwa kupita ku holo imodzi, kumene amawerengedwa ndi manja, opikisana ndi oimira zipani ataima kutsidya kwa tebulo akuyang'ana pepala lililonse. Mpata ukachepa, wopikisana akhoza kupempha kuti awerengenso. Awiri akafanana ndendende amachita maere.

Wokhulupirira kuti pachitika chinyengo ali ndi masiku 21 oti akasume ku khothi la zisankho. Njirayi idagwirapo ntchito: mu Epulo 2015 khothi lidachotsa a Rahman pa umeya wa Tower Hamlets, ovota wamba anayi atasuma, ndipo adaletsedwa kuima pa chisankho kwa zaka zisanu. Chiletso chitatha adaimanso, anthu nkuwasankha.

Kusintha utsogoleri kudathetsa mavuto a Croydon?

Ayi. Voti imasintha munthu wokhala pampando, koma ngongole imatsala pomwepo, ndipo chiwongoladzanja chake chimadya ndalama zambirimbiri chaka chilichonse khonsolo isanatole ngakhale bini imodzi.

Mu 2023 makhonsolo ambiri sankaloledwa kukweza msonkho kupitirira 4.99 peresenti popanda kufunsa anthu pa riferendamu. Nduna ya maboma aang'ono ya nthawiyo, a Michael Gove, idalola Croydon kukweza ndi 14.99 peresenti popanda riferendamu. Anthu adachita zionetsero kunja kwa holo ya tauni. Pa msonkhano woyamba makhansala otsutsa adaikana bajetiyo. Pa wachiwiri a Labour adasankha kusavota, bajeti nkudutsa, chifukwa khonsolo yopanda bajeti imakhala ikuphwanya lamulo. A Perry adapempha boma kuti likhululuke mapaundi 540 miliyoni a ngongoleyo. Katundu wa khonsolo wakhala akugulitsidwa. Mu 2024 malaibulale anayi adatsekedwa: Bradmore Green, Broad Green, Sanderstead ndi Shirley. Mu 2025 boma lidatumiza makomishonala oti akayang'anire kayendetsedwe ka khonsoloyi.

Otsatira a Perry amati iwo adalandira nyumba itapsa kale. Otsutsa amati anthu akulipira zambiri nkumalandira zochepa. Mbali zonse ziwiri zili ndi choonadi chake. Chomwe sinditsutsa nchakuti anthu a ku Croydon adachita bwino kuyang'ana zochitika pakhomo pawo m'malo mongotsata mphepo ya ndale za dziko lonse. Chipani chomwe chaononga chuma cha anthu chiyenera kumva kuwawa pa chisankho, kaya ndi chipani chomwe timachikonda.

Ine ndimangogwira ntchito ndi kutumiza ndalama kumudzi. Zimenezi zikundikhudza pati?

Zikukukhudzani m'thumba choyamba. Msonkho wa khonsolo amalipira ndi wokhala m'nyumba, kaya ndi yake kaya ndi ya lendi. Nyumba zimaikidwa m'magulu kuyambira A mpaka H potengera mtengo wake wa mu 1991, ndipo mbali ina ya ndalamayo imapita kwa meya wa London kukathandiza apolisi, ozimitsa moto ndi mtengatenga. Wokhala yekha amachotseredwa 25 peresenti, ndipo nyumba yokhala ophunzira okhaokha a sukulu zaukachenjede siilipira, koma muyenera kudziwitsa khonsolo nokha.

Zikukukhudzaninso pa ntchito. Abale ndi alongo athu ambiri akusamalira okalamba ndi odwala m'makomo ndi m'nyumba zosungira okalamba. Mbali yaikulu ya ntchito imeneyi imalipiridwa ndi khonsolo kudzera m'makampani. Khonsolo ikachepetsa ndalama yomwe imapereka pa ola limodzi, kapena ikafupikitsa nthawi yoyendera wodwala, amene amamva ndi wogwira ntchito uja wothamanga kuchoka nyumba ina kupita ina pa basi.

Malo a mwana ku sukulu ya boma mumafunsira ku khonsolo. Mwininyumba akakana kukonza denga lodontha kapena akadzaza anthu ambiri m'nyumba imodzi, ofesi yokhala ndi mphamvu yomuyendera ili ku khonsolo. Banja likathamangitsidwa m'nyumba, khomo loyamba kugogoda ndi lomwelo. Ngakhale banja lomwe viza yake imaliletsa kulandira thandizo la boma likhoza kuthandizidwa ndi khonsolo pansi pa gawo 17 la lamulo la Children Act 1989, ngati mwana ali pa umphawi woopsa.

Zomwe khonsolo ilibe nazo mphamvu ndi ma viza, omwe ali m'manja mwa Home Office, zipatala za NHS, apolisi, komanso mabasi ndi matramu, omwe amayendetsedwa ndi Transport for London.

Ndili ndi pasipoti ya Malawi. Ndingavote?

Mungathe. Nzika ya dziko la mu Commonwealth yomwe yakwanitsa zaka 18, ikukhala ku Britain ndipo ili ndi chilolezo chokhalira m'dzikomo, imaloledwa kuvota pa zisankho zonse: za makhansala, za meya ndi za aphungu a nyumba ya malamulo. Chilolezocho sichiyenera kukhala chamuyaya. Viza ya ntchito, ya sukulu kapena ya banja ndi yokwanira. Malawi, Zambia, Mozambique ndi South Africa onse ali mu Commonwealth. Zimbabwe idatuluka mu 2003, koma lamulo la Britain limaziwerengabe nzika zake m'gulu lololedwa kuvota.

Amene mapepala awo adatha, kapena akudikira yankho la pempho lothawira m'dzikomo ndipo alibe chilolezo china, saloledwa kulembetsa, ndipo asayese, chifukwa kupereka uthenga wabodza pa kalembera ndi mlandu.

Kulembetsa sikungasokoneze mapepala anga?

Kwa munthu wokhala ndi chilolezo, ayi. Kuvota si thandizo la boma, ndipo sikuwerengedwa pa zinthu zoletsedwa ndi viza. Kumathandizanso, chifukwa mabanki ndi makampani okongoza ndalama amayang'ana kaundula wa ovota potsimikiza kumene munthu akukhala.

Kulembetsa kumachitika pa tsamba la intaneti la gov.uk, ndipo kumatenga mphindi zochepa. Mumafunika dzina, adiresi, tsiku lobadwa ndi nambala ya National Insurance. Kalembera wa chisankho chilichonse amatsekedwa kutatsala masiku 12 ogwira ntchito. Mukasamuka nyumba muyenera kulembetsanso, ndipo apa ndi pamene ambiri a ife ochita lendi timagwera kunja kwa kaundula osadziwa. Pali kaundula wachiwiri amene makampani amaloledwa kugula. Pa fomu pali malo ochonga ngati simukufuna kuti dzina lanu lilowe m'menemo. Dziwaninso kuti anthu oitanidwa kukathandiza kugamula milandu ku khothi amatengedwa m'kaundula wa ovota, malinga akhala m'dzikomo zaka zosachepera zisanu.

Tsiku lovota ndinyamule chiyani?

Mu 2022 munthu ankangotchula dzina ndi adiresi. Kuyambira Meyi 2023 ku England pamafunika chitupa chokhala ndi chithunzi. Pasipoti ya dziko la mu Commonwealth imalandiridwa, chimodzimodzi laisensi yoyendetsera galimoto ya ku Britain. Wopanda chitupa chovomerezeka akhoza kupempha chaulere chotchedwa Voter Authority Certificate.

Malo ovotera amatsegulidwa 7 koloko m'mawa mpaka 10 koloko usiku, ndipo muyenera kupita pamalo pomwe palembedwa pa khadi lomwe limabwera pa positi. Tsikuli limakhala Lachinayi ndipo si tchuthi. Ogwira ntchito ya mashifiti aatali achite bwino kupempha voti ya pa positi nthawi ikadalipo. Pa pepala la makhansala werengani pamwamba: wodi ina imasankha mmodzi, ina awiri, ina atatu, ndipo mumaloledwa kuchonga mpaka chiwerengero chimenecho. Simukakamizidwa kupereka mavoti onse ku chipani chimodzi, nchifukwa chake mawodi ena amatulutsa makhansala a zipani ziwiri.

Makhonsolo a London amasankha makhansala onse nthawi imodzi pa zaka zinayi zilizonse: 2014, 2018, 2022, 2026. Makhonsolo ena a kunja kwa London amasankha gawo limodzi mwa atatu pa chaka, choncho okhala ku Manchester kapena ku Leeds afunse ku khonsolo yawo.

Zikusiyana bwanji ndi kwathu?

Ku Malawi wodi imakhala ndi khansala mmodzi, ndipo kuyambira 2014 amasankhidwa tsiku limodzi ndi phungu ndi mtsogoleri wa dziko, patatha zaka pafupifupi 9 dziko lilibe makhansala. Meya wa Blantyre, Lilongwe, Mzuzu kapena Zomba amasankhidwa ndi makhansala anzake. Ku Zambia, kuyambira 2016, meya amasankhidwa ndi anthu, monga zilili ku Croydon. Kusiyana kwakukulu ndi kwa ndalama ndi ntchito: khonsolo ya ku London imanyamula chisamaliro cha okalamba, chitetezo cha ana ndi nyumba za anthu zikwizikwi, moti ikalephera, kulepherako kumalowa m'chipinda chogona cha munthu.

Kodi mmodzi wa ife angaime pa ukhansala?

Angathe, ngati wakwanitsa zaka 18, ndi nzika ya Britain kapena ya dziko la mu Commonwealth yokhala ndi chilolezo chokhalitsa, ndipo adalembetsa, akukhala kapena akugwira ntchito m'deralo. Apa viza ya zaka zowerengeka siikwana, ngakhale imakwana povota. Pa ukhansala palibe ndalama yolipira, ndipo kuyambira 2023 pamangofunika masaini a ovota awiri a mu wodiyo. Pa umeya pamafunika masaini 30 ndi mapaundi 500, omwe amabwezedwa munthu akapeza mavoti opitirira 5 peresenti. Khansala salandira malipiro a ntchito koma alawansi, ndipo ambiri amapitiriza ntchito zawo masana nkumakhala pa misonkhano madzulo.

Munthu amene ndidamuvotera adagonja. Ndingapitebe kwa khansala amene adapambana?

Pitani. Khansala ndi wa aliyense wokhala mu wodi yake, wovota ndi wosavota yemwe, ndipo sadziwa kuti mudachonga yani. Pa tsamba la intaneti la khonsolo mukalemba postcode yanu mumapeza maina a makhansala anu, imelo yawo ndi chipani chawo. Ambiri amakhala ndi tsiku lokumana ndi anthu ku laibulale, ku holo ya tchalitchi kapena ku malo ena a m'deralo. Popita nyamulani makalata onse okhudza nkhani yanu, nambala yomwe khonsolo idakupatsani podandaula koyamba, ndi zithunzi ngati nkhaniyo ndi ya nyumba. Misonkhano ya khonsolo yonse ndi yotseguka kwa anthu, imaonetsedwa pa intaneti, ndipo wokhala m'deralo akhoza kutumiziratu funso loti meya kapena nduna yake akayankhe pagulu.